Mmene Mayi Anu Ankadikirira M'bwalo

Zimene ndinataya chaka chimene mayi anu anamwalira ndi izi:

Mkazi wanga, Felesiya.
Ntchito, imene ndinaisiya ndekha ndisanakwanitse zaka makumi anayi.
Munda wa ku Nsaru, umene unabwerera kwa eni ake monga mwa mwambo.
Munthu wokangana naye.
Chilakolako chovina.

Zina zonse zilipo. Inu awiri mulipo, chifukwa amalume anu anavomera kuti mukhale ndi ine.

Ulemu, mwezi wathawu unandifunsa funso uli chiimire pakhomo, beseni lili m'manja. Unati, "Ababa, kodi amayi ananena chiyani pomaliza? Kapena simufuna kuti tiziwatchula m'nyumba muno?" Ndinati ndidzakuuza. Kuyambira tsiku limenelo umandipatsa madzi osandiyang'ana, ndipo ukamaseka ndi Yamikani, ine ndikangolowa umasiya. Ndikudziwa chimene ukuganiza: kuti bambo ako anaiwala, kapena kuti mayi ako anapita osakuganizirani. Sindifuna kuti ukule ndi maganizo amenewo, ndipo sindifuna kukutaya tili m'nyumba imodzi. Mawuwo ndiwalemba kumapeto. Koma ndi mawu a pa ntchito, ndipo munthu wosadziwa ntchito imene tinkagwira angawamve ngati malangizo wamba. N'chifukwa chake ndiyamba ndi ntchitoyo. Yamikani, iwe udzawerenga ukadzakula.

Namitete, chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza maphunziro a zisudzo ndi magule ku koleji, ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina laling'ono limene linkaphunzitsa anthu m'midzi za umoyo, madzi ndi sukulu kudzera m'masewero. Ananditumiza ku Namitete kuti ndikatsogolere gulu la achinyamata a komweko. Bwana wanga woyamba anali bambo wachikulire wofatsa, amene ankangofuna chinthu chimodzi, kuti galimoto izibwerera ku ofesi dzuwa lisanalowe. Za m'bwalo anandisiyira ndekha, ndipo ine ndinali nditabwera ndi chikhulupiriro changa. Ku koleji ndinakonda masewero osalembedwa, osakonzeratu n'komwe. Mumagwirizana mutu wokha, monga kusowa kwa madzi, ng'oma n'kuyamba, osewera n'kulowa m'bwalo, aliyense n'kuchita chimene thupi lamupatsa nthawi yomweyo, mnzake n'kumuyankha ndi thupi lake. Lamulo langa linali loti pakamwa pasatuluke mawu. Ndinkati pakamwa pamanama, koma msana, mawondo ndi manja sizinama. Woimba ng'oma wathu anali a Zuze, bambo a ku Mpingu amene anayamba kuimbira magule ine ndisanabadwe. Ankanditchula kuti "aphunzitsi" m'njira yoti sindinkadziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe.

Tsiku la msika tinatsegula bwalo pafupi ndi ogulitsa matimati. Osewera analowa, anapindika, anatambasuka, anagwa, anadzuka. Kwa ine zinali zokongola. Mayi wina wa matimati anafunsa mokweza, "Kodi anawa alumidwa ndi linthumbu?" Anthu anaseka n'kuyamba kumwazikana. A Zuze anandiyang'ana, ng'oma ili pakati pa miyendo. "Aphunzitsi, ng'oma yanga yokha ndiyo ikuyankhula pano. Anthu anuwa ali duu ngati akumana ndi apongozi panjira." Pa nthawiyo wosewera wina anali atagwada, manja akuzungulira pansi, iye mwini osadziwa chimene akuchita. Ndiye m'khamu munatuluka mawu a mkazi, osakweza: "Chitsime chaphwa." Wosewerayo anaima pang'ono, kenako manja ake anasanduka a munthu wopala matope pansi pa chitsime ndi chikho. Anzake anafola kumbuyo kwake ndi ndowa zosaoneka. Amene ankachoka anabwerera. Mayi wa matimati uja anati, "Ee, ngati kwathu," ndipo sanasekenso.

Titamaliza ndinamufunafuna mwini mawuwo, nditakwiya. Anali mphunzitsi wa Sitandade 1 pa sukulu ina ya pafupi, atakumbatira kabichi. Amenewo anali mayi anu.

"Mayi, sewero lathu ndi lopanda mawu," ndinatero.

"Ndaona, achimwene. Linatsala pang'ono kukhalanso lopanda oonera."

"Mwamuuza chochita."

"Ayi. Anali atayamba kale. Ine ndangotchula chimene manja ake amafuna."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndimaphunzitsa ana amene sanadziwe kupempha kupita kuchimbudzi. Umayang'ana mawondo."

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, mayi awa alembeni ntchito kapena muwakwatire. Koma kukangana nawo simungathe." Ndinachita ziwiri zoyambazo. Kukangana sitinasiye.

Musaganize kuti mayi anu anangofika n'kukonza zonse. Loweruka loyamba limene anayenda nafe, ku Njewa, anayankhula kwambiri. Wosewera akangosuntha, iwo mawu. Akangotembenuka, iwo mawu. Posakhalitsa osewera onse anangoima chilili kudikira kuuzidwa, ngati ana pa mzere wa m'mawa. Pobwerera, titatsala pang'ono kufika, anati, "Lero ndalipha ndine, eti?" Ndinavomera mofulumira kwambiri, ndipo sanandiyankhule mpaka Lachitatu.

Pakati pa chete wanga ndi mawu awo ndi pamene tinapeza njira yathu, ndipo inatitengera nthawi yaitali tikukangana panjira, pakhonde, ngakhale tsiku la chinkhoswe chathu. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaloledwa kuyankhula, ndipo tinkamutcha woitana. Woitana amaima m'mphepete mwa bwalo, pakati pa osewera ndi oonera. Sayamba ndiye. Salamula kuti "gwada" kapena "thamanga". Amayang'ana mpaka thupi la wosewera litayamba chinthu n'kuima pakati, ngati munthu amene wafika pa mphambano. Pamenepo amaponya mawu amodzi kapena awiri, nthawi zina funso, n'kukhalanso chete. Akafulumira, wosewera amasiya za mumtima mwake n'kuyamba kusangalatsa woitanayo. Akachedwa, chinthucho chimazima ndipo oonera amapita. Mayi anu ankaima mwa njira yawoyawo: chidendene cha kumanzere chikugunda pansi motsatira ng'oma, zala ziwiri zili pakhosi. Ndinawafunsa za zalazo. Anati, "Ndimagwira mawu kuti asathawe nthawi isanakwane. Ine mawu ndili nawo ambiri, mukudziwa." Ine ndinkavina m'kati. Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti ndikasochera m'bwalo, kumbuyo kwanga kuli munthu amene akuona.

Nsaru ndi Kabudula, zaka za njinga

Titakwatirana ndinakakhala kwawo ku Nsaru, ndipo bungwe linasamutsira gulu kumeneko kuti tizifika m'maesiteti a fodya a ku Kabudula ndi ku Nambuma. Mayi anu anasiya uphunzitsi n'kulowa m'gulu kotheratu iwe Ulemu uli wakhanda. Zinali zaka zosowa. Mafuta atavuta, galimoto inaitanidwa ku tauni ndipo sinabwerenso. Tinapatsidwa njinga zakale zimene matcheni ake ankaduka pa chitunda chilichonse. Chikopa cha ng'oma chinaonongeka ndi mvula pa njira ya ku Kabudula, ndipo kwa miyezi ingapo a Zuze ankaimba chigubu cha mafuta ophikira, akudandaula kuti makolo awo akuwaona. "Ng'oma yonunkha mandasi, aphunzitsi! Ndikadzafa musadzanene pa maliro." Iwe unkayenda nafe kumsana kwa mayi ako, ndipo unkagona bwino pafupi ndi chigubucho kuposa kunyumba.

M'maesiteti ndi mmene njira yathu inagwira ntchito kwambiri. Matenanti, anthu olima fodya pa munda wa mwini esiteti, anali ochokera kutali, ku Phalombe, ku Mulanje, ku Machinga, mabanja athunthu okhala m'tinyumba ta udzu pafupi ndi zigafa zoyanikamo fodya. Ukawafunsa funso pagulu ankayang'ana kaye kwa kapitawo, kenako n'kuti zonse zili bwino. Munthu wonena dandaulo mokweza akanatha kuuzidwa kuti alongedze nyengo isanathe. Koma kuvina palibe ankaletsa. Tinkasiya mpata m'bwalo, ndipo aliyense wofuna ankalowa. Bambo ankatha kuwerama pansi pa katundu wosaoneka mpaka mawondo kunjenjemera, anzake onse n'kudziwa chimene akunena, kapitawo osapeza mawu oti akanene kwa bwana. Kumeneko mayi anu ankasamala koposa. Masiku ena sewero lonse linkatha atangonena mawu owerengeka pa zala.

Bwana wachikulire uja atapuma, kunabwera mayi Mvula. Ndiwanenere zoona: anali munthu wolimbikira, wosaba, ndipo ankabwera okha pa kabaza kudzationa pamene ena akanangoimba foni. Koma nawonso anali ndi owafunsa, anthu othandiza bungwe amene ankafuna kudziwa ngati uthenga wanenedwa. Anatibweretsera chimkuzamawu cha mabatire ndi mauthenga oti azinenedwa m'sewero lililonse, mawu ake osasintha. "Zovinazi n'zabwino," anatero, "koma ndikafunsidwa kuti anthu anamva chiyani, ndiyankhe kuti anamva chigubu?" Mayi anu analandira chimkuzamawucho ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuchiika m'dengu la pa njinga pamodzi ndi matewera.

Nambuma, nyengo yosoka fodya

Tsiku lina mayi Mvula anatiperekeza ku esiteti ina cha ku Nambuma. Uthenga wa tsikulo unali woti ana azipita ku sukulu m'malo mosoka fodya, uthenga wabwino umene ndimagwirizana nawo mpaka lero. Anali masana a Lamlungu. Bwalo tinalitsegula pakati pa zigafa ziwiri, fodya ali lende pa mikangala, mitengo yoyanikapo, fungo lake likulowa mpaka m'maso. Kapitawo anakhala pa mpando kutsogolo. Mayi Mvula anaima pambali pa mayi anu, chimkuzamawu atachigwira okha. Tinayamba ife a m'gulu, kusewera manja obaya masamba ndi misana yotopa, anthu akuseka poona kuti sitidziwa kusoka.

Kenako m'khamu munatuluka mayi wina wochepa thupi, wa ku Phalombe, amene pambuyo pake tinamva kuti dzina lake ndi Esinati. Anakhala pansi pakati pa bwalo, miyendo atatambasula, n'kuyamba kusoka fodya wosaoneka mofulumira kuposa mmene ife tikanathera. Chitenje chake chinali chomangidwa pachifuwa monga amamangira wobereka mwana, ndipo msana wake unkagwedezeka uku ndi uku, kutonthoza. Kumsanako kunalibe mwana. Kuseka kunatha. Ine ndinali pafupi naye ndipo ndinabwerera m'mbuyo, anzanganso anachita chimodzimodzi. A Zuze anatsitsa ng'oma mpaka inangomveka ngati munthu akusinja kutali.

Ndinamva mayi Mvula akunong'ona, "Apa ndiye pabwino. Mwana, fodya. Nenani uthenga tsopano." Mayi anu sanatembenuke. Chidendene chinkagunda, zala zili pakhosi. "Mayi a Ulemu, nenani, anthu ali tcheru." Chete. Mayi uja anapitiriza kusoka ndi kugwedeza msana kwa nthawi yaitali, moti kapitawo anayamba kusunthasuntha pa mpando, ndipo ine ndemwe, wokonda chete, ndinaganiza kuti woitana wachedwa. Kenako manja osoka aja anasiya. Anakwera pang'onopang'ono kufika pa mfundo ya chitenje pachifuwa, anaigwira, n'kuima pomwepo, osaimasula, osaisiya. Apo mayi anu anachotsa zala pakhosi n'kufunsa ndi mawu a masiku onse, monga wofunsa mnzake pa mjigo: "Dzina lake ndani, mayi?"

"Rute," anayankha. Kenako mokweza, "Rute!"

Anamasula mfundoyo. Amayi a pa esiteti analowa m'bwalo osaitanidwa, anakhala pansi momuzungulira, ndipo analira maliro. Tinamva pambuyo pake kuti mwanayo anamwalira ndi malungo pa nthawi yothyola fodya. Anaikidwa m'mawa kumanda a mudzi wa eni dera, popanda wachibale wochokera kwawo, ndipo masana ake anthu anabwerera kumunda poti masamba anali kupsa. Kuyambira pamenepo palibe anatchula dzinalo poopa kumuliza mayiyo, ndipo iye ankamangabe chitenje chija tsiku lililonse. Mwamuna wake anaima kunja kwa bwalo, chipewa chili m'manja. Kapitawo nayenso anavula chake. Palibe mawu amene ananenedwa oti munthu angachotsedwe nawo pa esiteti. Uthenga wa sukulu sunanenedwenso.

Pobwerera, tikukankha njinga pa mchenga, ndinati, "Ndinaona ngati mwachedwa."

"Nanenso ndinaopa," anatero. "Koma akusoka paja anali asanafunse kanthu. Pa mfundo paja ndi pamene anafunsa."

Ku ofesi, sabata yotsatira

Mayi Mvula anandiitana ndekha. "Sindine mwala, a Mbewe. Nanenso ndinalira kuja. Koma tinapita kukanena za ana ndi sukulu, ndipo ana a pa esiteti ija mawa akusoka fodya. Kodi ndikunama?" Sankanama. Anandipatsa njira ziwiri: woitana azinena mauthenga onse m'kati mwa sewero, kapena ndipeze woitana wina amene angavomere kutero. "Mtsogoleri wa gulu ndinu. Zoti ndi akazi anu, zimenezo n'za kunyumba."

Ndinatsika minibasi pa Njewa n'kuyenda wapansi mtunda wautali ndisanakwere ina, kuti ndiganize. Mauthenga akalowa m'sewero, bwalo lisanduka msonkhano. Aliyense wolowa adzaoneka ngati akuchitira umboni chimene chimkuzamawu chanena, kapitawo adzakhala ndi mawu okanena, ndipo matenanti adzasiya kulowa. Kuchotsa mayi anu kukanabala zomwezo, kungoti mochedwerapo. Njira yachitatu inalipo, ndipo ndinaiona msanga, koma ndinayenda nayo nthawi yaitali ndisanaivomere. Munthu mmodzi azinena mauthenga onse bwalo lisanatsegulidwe, aziyankha mafunso, kenako azizimitsa chimkuzamawu n'kukhala pansi. Vuto lake tinali titaliona kale ku Kabudula. Wosewera wina atalengeza uthenga n'kulowanso m'bwalo, anthu ankaona chilichonse chimene akuchita ngati phunziro la bwana, anaomba m'manja mwaulemu, ndipo palibe analowa. Wogwira chimkuzamawu sangavinenso. Ndipo woti angayankhe mafunso a za umoyo ndi sukulu mokhutiritsa ofesi, m'gulu lonse, ndinali ine.

Ndinawauza mayi anu pakhonde, akusenda mtedza.

"Inu? Kuyankhula?" Anaseka mpaka lichero kupendekeka. Kenako anasiya kuseka. "Bambo a Ulemu, mukudziwa kuti simudzavinanso."

"Ndikudziwa."

"Munapita ku koleji chifukwa cha kuvinako."

"Bwalo lopanda ine ndi bwalo ndithu. Lopanda woitana wodikira si bwalo."

"Mudzandida."

"Ndikadzayamba ndidzakuuzani."

"Simudzanena, ndimakudziwani. Ndiziyang'ana mawondo."

Mayi Mvula anati tiyesere nyengo imodzi. Sanabwererenso ku nkhaniyo.

Mpingu, zaka za chimkuzamawu

Tinasamutsidwira ku Mpingu, kumene unabadwira iwe Yamikani, ndipo tinkafika mpaka ku Chitukula, ndege zikutidutsa pamutu pakati pa sewero. Ine amene ndinaletsa mawu m'bwalo ndinakhala munthu wa mawu. Ndinkaima pa benchi n'kunena za katemera, za madzi a m'mijigo, za ana ndi sukulu, ndipo ndinkanena moona mtima, chifukwa zinali zoona. A Zuze anandisintha dzina. "Bwana Lipenga, mwatha? Ng'oma ikuzizira kuno." Ndikatha ndinkazimitsa chimkuzamawu pamaso pa anthu onse, kuchotsa mabatire kuti aone, n'kukakhala pansi pafupi ndi njinga. Pamenepo ndi pamene ndinayamba kuwaona mayi anu akugwira ntchito, chifukwa kale ndinkangowamva kumbuyo kwanga. Ndinaona mmene zala zinkanyamukira pakhosi n'kubwereranso mawu asanatuluke, kangapo pa sewero limodzi. Mawu amene ankabweza anali ambiri kuposa amene ankanena. Sindinawade. Mawondo ankandiyabwa, zoona, ndipo iwo ankaona.

Matenda anayamba ndi kuvutika kumeza. Iwo ankati ndi fumbi la m'zigafa. Pamene tinkafika ku chipatala chachikulu m'tauni, madokotala anati ndi khansa ya kummero ndipo yapita patali. Mawu awo anayamba kusasa, kenako kuchepa. Anapitiriza kuitana mpaka pamene sakanathanso kukhala pa njinga, ndipo mawuwo akamachepa, anthu ankangosendera pafupi. Ena amati n'zodabwitsa kuti matendawo anagwira malo omwe ankagwirira ntchito. Ine sindinena zimenezo. Matenda ndi matenda.

Ndinapita kukatsanzika ku ofesi. Mayi Mvula anati nditenge tchuthi, malo anga andisungira. Ndinawathokoza n'kukana, chifukwa ndinkadziwa kuti pambuyo pake mudzafunika munthu wopezeka pakhomo tsiku lililonse. Anabwera kawiri kudzazonda, atanyamula ufa wa phala, ndipo ulendo wachiwiri anakhala pa mphasa ndi mayi anu masana onse atangogwirana dzanja. Gulu likadalipo. Woitana ndi mayi wina amene mayi anu anamuphunzitsa. A Zuze amati amafulumira pang'ono, koma akuphunzira.

Nsaru, mwezi womaliza, ndi Namitete, lero

Tinabwerera ku Nsaru kuti mayi anu akakhale pafupi ndi agogo anu. Masiku omaliza sankayankhula, ankangolozera ndi manja. Tsiku limene ndikunenali anali masana, tili pakhonde, iwo atatsamira pa ine chifukwa kugona chagada kunkawabanika. Iwe Ulemu unkabwera kuchokera ku mjigo ndi kandowa pamutu, Yamikani akukutsatira ndi chitini, ndipo tinkakuonani muli patali. Ine, chizolowezi cha chimkuzamawu chitandilowa, ndinali nditakonza kale zokuuzani. Ndinawauza mayi anu kuti ndikukhazikani pansi, ndikufotokozereni zonse mwadongosolo, za matenda, za imfa, za mmene tidzakhalire, kuti musadzasokonezeke. Anapukusa mutu. Anatukula dzanja n'kuika zala ziwiri pakhosi panga. Kenako anayankhula, pang'onopang'ono, ndikuchita kuwerama kuti ndimve. Anamaliza inu musanafike pabwalo. Anamwalira tsiku lotsatira osanenanso kanthu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukuyang'anani. Pa maliro sunalire, Ulemu. Titasamukira kuno ku Namitete unayamba kutsuka mbale zotsukatsuka, kusesa posesa kale, kumusambitsa Yamikani kawiri pa tsiku. Azakhali ako ankati ndikuyankhule. Ine ndinkaona manja osoka mofulumira, asanafunse kanthu, ndipo ndinkabweza mawu amene anali atafika kale pakamwa. Sikunali kuiwala. Chinali chinthu chovuta kuposa kusiya kuvina.

Dzulo lake la tsiku limene unandifunsa, ndinabwera msanga kuchokera kumunda ndipo ndinakuonani kuseri kwa nyumba, inu osandiona. Yamikani ankadzigwetsa m'fumbi, kudzuka, kuzungulira. Iwe unali utavala chitenje chobiriwira cha mayi ako, utaima m'mphepete, chidendene cha kumanzere chikugunda pansi, zala ziwiri zili pakhosi. Palibe anakuphunzitsa. Unazimva uli kumsana, unaziona uli pansi pa njinga. Ndinabwerera mwakachetechete n'kukakhala pamsewu mpaka mutatha. M'mawa mwake unafunsa, ndipo ndinadziwa kuti wafika pa mfundo paja. Koma chimene ndinatha kunena n'choti ndidzakuuza. N'chifukwa chake ndalemba. Kapena ndachedwa. Woitana sadziwa mpaka atayankhula.

Ukamaliza kuwerenga ubwere undifunse chilichonse, ndiyankha ndi pakamwa. Dzina lawo tizilitchula m'nyumba muno: Felesiya. A Zuze abwera Lamlungu masana ndi ng'oma, ndipo ukawerenga mawuwa udziwa chifukwa chake ndawaitana. Mayi anu anali akuyang'ana inu awiri mukubwera pa njira ya ku mjigo, zala zawo zili pakhosi panga, ndipo anati:

"Musayambe ndinu, bambo a Ulemu. Muziwayang'ana ana angawa. Akadzafunsa okha, mudzawauze zonse. Ndipo mudzawavinire. Sanakuonenipo."